Kashopu ka zitsamba ku Kamuzu Road: tiyi ali bho, koma botolo la adrenal lija ayi

Amene mumafunsa za kashopu ka mankhwala azitsamba ku Kamuzu Road kuno ku Salima, ine ndimagulako ndiye mvetserani. Malo ndi aukhondo, zinthu zili m'mabotolo otseka bwino, osati zija zoyanika pa saka fumbi la minibasi likugweramo. Amayi ogulitsawo amafunsa kaye ngati ukumwa mankhwala a BP kapena ma ARV asanakupatse kanthu, apo pokha ndinawapatsa ulemu.

Tiyi wawo wa nkhawa ndi wosakaniza chidede, jinja ndi lemongrass. Ukathira madzi otentha amafiira psuu, kowawasira pang'ono, ndiye ndi dzuwa la Okutobala lino ine ndimamuziziritsa n'kumwa madzulo, tulo timabwera bwinobwino ngakhale maganizo a ngongole ali pomwepo. Kungoti chidede chimatsitsako BP, amene muli kale pa mapilisi samalani.

Pomwe sindinagwirizane nawo ndi botolo lakuda lomwe akuti "limatsuka ma adrenal", lodula kuposa china chilichonse mushopumo koma pa lebulo sanalembe zomwe zilimo. Ndinafunsa kuti mayi mwaikamo chani umu, iwo n'kungoseka, amvekere "achimwene chimenecho ndi chinsinsi cha agogo". Aaa ayi. Ma adrenal ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timatulutsa mahomoni (timadzi toyendetsa ntchito za m'thupi) a cortisol ndi adrenaline, ndipo si paipi yoti mungaitsuke. Zomwe ena amanena zoti ma adrenal "atopa" chifukwa cha sitilesi madokotala sazitenga ngati matenda. Akadwaladi, monga matenda a Addison omwe TB imatha kuyambitsa, munthu amaonda, amamva chizungulire akadzuka, khungu ndi nkhama zimada, amalakalaka mchere, ndipo pamafunika kuyezetsa magazi kuchipatala osati kapu ya zitsamba.

Chinanso, mabotolo ena opanda lebulo anthu osakhulupirika amasungunuliramo mapilisi ngati dexamethasone (mankhwala achipatala amphamvu ogwira ntchito ngati cortisol), umamva mphamvu msanga kenako nkhope kutupa, ukasiya kumwa mwadzidzidzi, ma adrenal omwewo ndi amene amavutika. Sindikunena kuti amayiwa amachita zimenezo, koma ine chosalembedwa sindimwa basi.

Ufa wa cham'mwamba ndi wa malambe ulipo, wosefedwa bwino, koma mumsika mumaupeza motchipa. Tiyiyo ndiye ndipitiliza kugula, bola asakweze mtengo.