Ndemanga: hita ya infrared ya 2,000W yomangirira pakhoma, m'galaja ya ku Johannesburg

Ndimasoka zovala m'galaja ya nyumba imene ndimachita lendi kuno ku Johannesburg, ndipo hita imeneyi ndaigwiritsa ntchito nyengo yonse yozizira, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, choncho mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka kuyandikira madigiri 0 m'bandakucha, ngakhale kuti masana dzuwa limawala bwino. Galajayi ilibe siling'i, denga lake ndi la malata, ndipo pansi pa chitseko chachikulu chachitsulo pali mpata umene mphepo imalowerapo.

Mamangidwe amenewa ndi amene anandichititsa kusankha hita ya mtundu umenewu. Hita ya fani komanso ya mafuta ija yokhala ndi matayala zimatenthetsa mpweya, ndipo mpweya wotenthawo umakwera m'mwamba n'kukathera kumalata, moti munthu amangotha mayunitsi pofunditsa denga. Ya infrared imafunditsa chimene yaloza, monga momwe dzuwa la m'mawa limachitira kwa munthu amene akuliwothera pakhonde mphepo ikuwomba. Ndikaiyatsa, sipatha mphindi ndisanayambe kumva kufunda kumsana ndi m'manja, ndipo zala zimene zimakhala zitauma, zosatha n'kulowetsa ulusi pasingano, zimamasuka.

Anzanga ambiri anandilimbikitsa kugula hita ya gasi ya mapanelo atatu, yolowa silinda ya makilogalamu 9, chifukwa imatentha kwambiri ndiponso imagwirabe ntchito magetsi akazima. Mfundo zawo n'zoona, koma ine ndinaikana. Gasi akamayaka amatulutsa chinyezi, chimene chimachititsa dzimbiri pamakina osokera ndi pamasizasi. Chachikulu koposa n'chakuti moto uliwonse woyaka m'chipinda chotseka ukhoza kutulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo koma umapha, ndipo n'chifukwa chake mbaula yamakala siyenera kuyandikira m'galaja ngakhale kuzizire chotani. Kwa amene mumasungamo galimoto, petulo kapena penti, lawi lamoto ndi ngozi ina yapadera.

Pa nkhani ya magetsi, masamu ake ndi osavuta. Ikakhala pa 2,000W imadya mayunitsi awiri pa ola, ndipo mita ya pulipeidi imasonyeza zimenezi mosabisa. Ubwino wake ndi woti ili ndi magawo atatu a mphamvu. Ine ndimayamba ndi lapamwamba, dzuwa likafika padenga ndimatsitsira palapansi, kenako n'kuizimitsa isanakwane 11 koloko. Chenjezo langa kwa atelala anzanga n'lakuti musaiyatse pa soketi imodzi ndi ayironi. Hitayi payokha imakoka pafupifupi maampu 9 (ampu ndi muyezo wa magetsi oyenda m'waya), ndipo ayironi yamphamvu ikawonjezera ake, zimapitirira maampu 16 amene soketi za kuno zinapangidwira. Chingwe chowonjezera chopyapyala chimatenthanso, kotero ndinaitana katswiri wa zamagetsi kuti aike soketi pafupi ndi pamene ndinaimangirira.

Zofooka zilipo ndithu. Chingwe chake n'chachifupi kwambiri kwa chinthu chimene buku lake likuti chimangiriridwe pamwamba, kutali ndi nsalu ndi zina zogwira moto msanga. Ilibe thermostat, kachipangizo kozimitsa hita kutentha kukakwana, choncho imayakabe mpaka munthu aizimitse yekha, ndipo amene amaiwalaiwala adzazindikira mayunitsi atatha. Imafunditsa mbali imodzi yokha: msana umatentha pamene miyendo, imene ili pansi pa tebulo la makina, ili zii pasimenti. Ndinachita kuyala kapeti yakale pansi ndi kutseka mpata wa chitseko ndi mphira kuti zinthu zikhaleko bwino. Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi kuwala kwake kofiirira, kumene kumasokoneza mtundu wa nsalu, moti ulusi wa buluu wakuda ndi wakuda weniweni zimaoneka zofanana, ndipo ndimayenera kutuluka panja kuti ndisankhe bwino.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndi yoyenera kwa munthu wogwira ntchito atakhala kapena ataima malo amodzi, monga telala kapena wokonza mafoni. Makaniko amene amazungulira galimoto ndi kugona pansi pake sangapindule nayo kwenikweni, chifukwa akangochoka pamene yaloza, chisanu chimamupeza nthawi yomweyo.