Kashopu kopulinta ka ku Braamfontein ndi kafukufuku wa a Dulani

Ndine mlonda. Ndimagwira usiku pa nyumba ina ya maofesi ku Rosebank, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo mwa maola onsewo alipo anayi kapena asanu amene sipadutsa ngakhale mphaka. Anzanga amathera nthawi imeneyo pa foni. Ine maso anayamba kufooka, tizilembo ta pa foni timandiliritsa misozi, komanso abwana sakondwa akaona kuwala kwa foni pa kamera. Pepala lokha sanaletse. N'chifukwa chake ndinapita kukafuna kopulintitsa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni abale anga a kuno ku Joni za kashopu kamene ndinapeza.

Kali ku Braamfontein, mphindi zochepa wapansi kuchokera pa geti la yunivesite ya Wits, pakati pa malo ometera ndi ogulitsira tchipisi. M'katimo muli makina awiri akuluakulu a fotokope, makompyuta atatu, ndi tebulo lobayindira. Mwini wake ndi mayi wa kuno, wosalankhulalankhula, koma amene amagwira makina ndi mnyamata wa kwathu, wa ku Balaka. Ndinamuzindikira ndi mmene ankayankhulira pa foni. Nditati "Achimwene, muli bwanji?" anadzidzimuka, n'kuimirira, n'kunena kuti "Takulandirani bambo, khalani apa."

Chimene ndinabweretsa pa fulashi ndi kafukufuku amene a Boniface Dulani analemba potenga digiri ya PhD ku Michigan State University mu 2011, wa mutu wakuti Personal Rule and Presidential Term Limits in Africa. Mphwanga amene ali ku Zomba ndiye ananditumizira. A Dulani ambiri timawadziwa ndi mawu pa wailesi nthawi ya zisankho. Amaphunzitsa za ndale ku University of Malawi, ndi mmodzi wa akuluakulu a IPOR, bungwe la ku Zomba lija limene limafunsa anthu amene akufuna kumuvotera, komanso amayang'anira kafukufuku wa Afrobarometer, amene wakhala akufunsa maganizo a anthu wamba m'mayiko a mu Africa kuyambira 1999. Ndinkafuna ndione munthuyo akamaganiza mofatsa, osati m'mphindi zitatu za pa nkhani.

Za mtengo ndinene msanga. Anandiuza ndalama asanayambe, osati pambuyo. Kupulinta mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi kubayinda kwa waya wa pulasitiki ndi chikuto cholimba kumbuyo, ndinalipira R190. Kwa mlonda si ndalama yochepa, ndi ufa wa milungu ingapo, koma kwina kumene ndinafunsa ku Rosebank ankafuna pafupifupi kuwirikiza. Inki ndi yakuda bwino, matebulo a manambala akuoneka mzere uliwonse. Mnyamatayo anandifunsa ngati ndikufuna akulitse zilembo pang'ono, ataona mmene ndinkatalikitsira pepala loyesera. Sindinapemphe, anaona yekha. Kumbuyo kwanga kunali ana a ku yunivesite asanu, ena akuusa moyo, koma mayi uja sanandidumphe pa mzere chifukwa cha yunifolomu yanga. Amene mwakhalitsa kuno mukudziwa kuti zimenezi sizichitika paliponse.

Usiku woyamba ndinawerenga mpaka m'bandakucha. Chingerezi chake n'cha kusukulu, mwina ndimabwereza ndime katatu, koma nkhaniyo ndinali nayo kale m'thupi. Mu 2002 ndinali ku Limbe, ndikugulitsa nsapato za kaunjika. Ndikukumbuka pa 4 July chaka chimenecho, tonse titazungulira wailesi imodzi, pamene aphungu ankavotera bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, imene anaibweretsa a Khwauli Msiska a AFORD. Pankafunika mavoti 128, anapeza 125. Atatu okha basi. Anthu anakuwa mumsika ngati timu yagoletsa. A Muluzi anali ataletsa zionetsero, koma matchalitchi, bungwe la azipembedzo la PAC, maloya ndi ana a sukulu sanakhale chete. Kumayambiriro kwa 2003 anayesanso ndi bilu ya teremu yachitatu, inakanikanso. Mu 2009 a Muluzi anafuna kubwerera, khoti linati ayi.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi zathu zokha, matenda a dziko limene linali ndi pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971. Kuwerenga a Dulani kwandionetsa kuti mliriwu unayenda dera lonse. Ku Namibia a Sam Nujoma anasinthitsa malamulo mu 1998 n'kulamulira kachitatu. Ku Zambia a Chiluba anayesa mu 2001, anthu ena a m'chipani chawo chomwe anawakana. Ku Uganda malire anachotsedwa mu 2005, a Museveni alipobe. Malamulo olembedwa anali ofanana, materemu awiri, koma mathero anasiyana. Ndiye funso limene limakugwira n'lakuti, kodi chimateteza lamulo n'chiyani ngati amene analumbira kuliteteza ndi yemwe akufuna kulithyola? Mmene ndamvera ine, pansi pa lamulo lolembedwa pali lamulo lina losalembedwa, la mtsogoleri amene ndiye mwini nkhokwe. Iye ndiye amagawa unduna, makontirakiti, magalimoto ndi maenivelopu. Amene akudya kudzera mwa iye amadziwa kuti akachoka nawonso mbale yatha. Choncho amene amakuwa kwambiri kuti "ayimenso" nthawi zambiri si mwini wake, ndi omuzungulira. Ine mafumu ndinawaona ndi maso anga pa TVM akunena kuti anthu awo onse akufuna teremu yachitatu, pamene ife anthu akewo sanatifunse.

Apa m'pamene ndimalemekeza ntchito ya a Dulani. Iye anapita kukafunsa. Zimene Afrobarometer yapeza kwa zaka zambiri n'zakuti anthu ochuluka mu Africa amafuna malire a materemu awiri, ngakhale m'mayiko amene atsogoleri anawachotsa. Wandale akanena kuti "anthu akundifuna", lero pali poyang'ana. Ndipo n'chinthu china kuti wolembayo ndi mwana wa kwathu, amene amadziwa tanthauzo la nsalu ya chipani ndi ndalama za m'manja pa msonkhano, osati mlendo wobwera milungu iwiri.

Tsopano cholakwika, chifukwa chilipo. Waya amene anabayindira ndi wochepa poyerekeza ndi kuchindikala kwa bukulo. Patatha mausiku anayi masamba a kutsogolo anayamba kusololoka, ndipo ndikatembenuza tsamba limang'ambika m'mabowo. Choipa kwambiri, chapakati ndinapeza masamba khumi atalowa mozondoka, moti ndinasokonezeka ndikuyesa ndadumpha nkhani. Anachita changu chifukwa cha mzere uja, ndipo sanaonenso asanandipatse. Kubwerera ku Braamfontein kuchokera ku Cosmo City kumene ndimakhala ndi ndalama ya takisi, komanso ndi tulo ta masana timene mlonda sangatigule. Zinandiwawa.

Koma nditafika sanandivute. Mnyamatayo anati "Pepani bambo, ndalakwitsa ndine," mayi uja anayang'ana bukulo n'kulamula kuti aligawe pawiri, chigawo chilichonse ndi waya wake, popanda kuwonjezera ndalama. Masamba ong'ambika anapulintanso. Tsopano lili bwino, ndipo likukwana m'chikwama cha nkhomaliro. Langizo langa n'lakuti ngati chinthu chanu n'chochindikala, auzeni poyamba kuti achigawe, ndipo musachoke musanatembenuze masamba onse. Pitani m'mawa, chifukwa masana ana a sukulu amadzaza, makamaka nyengo ya mayeso. Salandira khadi pa ndalama zochepa, tengani ya m'manja.

Tsiku lobwererali ndinapulintitsanso kankhani kafupi kamene a Dulani analemba ndi a Kim Yi Dionne m'magazini ya African Affairs mu 2013, konena za masiku aja a Bingu atamwalira pa 5 April 2012, pamene nduna zina zinkafuna kuti mpando usapite kwa mayi Joyce Banda, mpaka analumbira pa 7 April. Ndikudikira mnyamatayo anandiuza kuti mu 2002 anali asanabadwe, ndipo za mavoti atatu aja sanamvepo. Iye amadziwa za tipeksi ya mu 2019, chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 ndi chisankho chobwereza cha pa 23 June. Tinacheza mpaka makina anatha. Anandifunsa chifukwa chake kuno a Mbeki mu 2008 ndi a Zuma mu 2018 anachoka teremu isanathe popanda chisankho. Ndinamuuza kuti kuno pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu, ndiye chipani chikamutaya alibe pogwira, pamene kwathu timamusankha tokha mwachindunji, ndipo chipani chimakhala cha iye, osati iye wa chipani.

Ife a kuno sitivota, chifukwa kulibe njira yovotera uli kunja, koma ndife timatumiza ndalama ya feteleza ndi fizi, ndipo akumudzi amatiimbira kufunsa maganizo chisankho chikayandikira. Ndikufuna ndikamawayankha ndizikhala ndi chogwira. Chigawo choyamba ndamaliza, ndamubwereka mnyamata wa ku Balaka uja. Ndikachitenga Loweruka likubwerali, ndikamakapulintitsa Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko lathu, lonena za materemu a pulezidenti, limene alonda anzanga awiri a ku Mzimba andituma.