Ulendo wapansi wotsata nkhani ya Tehlirian ku Berlin: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinalipira mayuro 18 kuti ndiyende nawo ulendowu Loweruka lapitali, maola awiri m'dera la Charlottenburg ku Berlin. Msewu wa Hardenbergstraße ndimaudutsa kawirikawiri popita kukakwera sitima, koma sindinkadziwa zimene zinachitikapo.

Mayi wotitsogolera anatiimitsa m'mbali mwa msewuwo n'kutulutsa chithunzi chakale cha mnyamata wowonda wa mtundu wa Armenia, Soghomon Tehlirian. Pa 15 Malichi 1921 mnyamatayu anawombera Talat Pasha m'mutu, dzuwa likuswa mtengo. Talat ndi amene anali nduna ya zam'dziko mu ufumu wa Ottoman pamene anthu a ku Armenia ankasamutsidwa ndi kuphedwa kuyambira 1915. Khoti la ku Constantinople linamugamula kuti aphedwe mu 1919, koma iye anali atathawa kale, akukhala phee ku Berlin ndi dzina labodza. Tehlirian, amene mayi ake ndi abale ake ambiri anathera m'chipolowecho, anachita lendi chipinda tsidya lina la msewu n'kumamuzonda pawindo.

Chimene chandipatsa ulemu pa mayiyu n'chakuti sanabise mbali yovuta. Anatiuza kuti Tehlirian sanali yekha: chipani cha anthu a ku Armenia cha Dashnaktsutyun ndicho chinakonza zosaka amene anatsogolera kuphedwa kwa mtundu wawo, ntchito imene imatchedwa Operation Nemesis. Anatiuzanso kuti zimene Tehlirian ananena m'khoti, zoti anaona ndi maso ake abale ake akuphedwa, sizinali choncho, chifukwa nthawiyo anali kunkhondo mbali ya Russia. Abalewo anafadi. Mlandu unatenga masiku awiri okha mu Juni 1921, ndipo anamumasula. Pamenepo tonse tinangoti zii. Ine mtima unandiwawa poganiza kuti anthu anataya mtundu wawo, khoti lowamvera n'kusowa, mpaka mwana wamasiye kunyamula mfuti.

Tinathera ku Uhlandstraße, kumene Behaeddin Shakir ndi Cemal Azmi, enanso amene anatsogolera kuphedwa kwa anthu a ku Armenia, anaphedwa mu Epulo 1922. Mayiyu anakhudzanso za Raphael Lemkin, katswiri wa zamalamulo wa ku Poland, amene mlandu wa Tehlirian unamusautsa maganizo ali wophunzira, ndipo pambuyo pake anamenyera nkhondo lamulo loletsa kupulula mtundu wa anthu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha phokoso. Tinalipo anthu oposa 25, mabasi akudutsa, maikolofoni palibe, moti akumbuyo ambiri sankamva. Mukapita, imani pafupi ndi wotsogolera, ndipo ana aang'ono asiyeni kunyumba chifukwa zithunzi zina n'zoopsa.