Mtengo umodzi, kulipira pa tsiku, kapena m'magawo: polemba ntchito wopanga pulogalamu ya pakompyuta

Eni malo ogona alendo ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, ma SACCO, ngakhale masukulu a pulaiveti kuno ku Mangochi ayamba kufuna mapulogalamu awoawo. Funso loyamba limakhala lomweli: "Ndi zingati, ndipo itha liti?" Wopanga woona mtima sangayankhe molondola tsiku loyamba. Barry Boehm, katswiri wa kapangidwe ka mapulogalamu, anasonyeza mu 1981 kuti mtengo wotchulidwa ntchito isanayambe ukhoza kudzakula kanayi, kapena kuchepa kanayi. Choncho nkhani yagona pa kalipiridwe.

Ambiri timakonda mtengo umodzi chifukwa mtima umakhala m'malo. Koma pulogalamu si nyumba yoti mmisiri angowerenga njerwa ndi matumba a simenti. Zofunika zimatulukira ntchito ili mkati. Mukaona gawo loyamba m'pamene mumakumbukira kuti ena amalipira pa Airtel Money, ena pa Mpamba, alendo akunja pa khadi, komanso kuti kumene netiweki imavuta pulogalamuyo izigwirabe ntchito popanda intaneti. Chomalizachi pachokha chimasintha kamangidwe konse. Ndiye wopangayo amakwezeratu mtengo kuti adziteteze, apo ayi amathamangitsa ntchito osaiyesa bwino, mavuto n'kudzaonekera alendo atadzaza pa Khrisimasi. Palinso kwacha: mu November 2023 inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, pomwe seva zambiri (makompyuta osungira pulogalamu pa intaneti) zimalipiridwa m'madola. Amene anagwirizana mtengo mwezi wa October anagwira njakata.

Kulipira pa tsiku kumamukomera wopanga, koma inu simudziwa pothera. Ngati simungathe kuona nokha zimene walemba, njirayi isiyeni.

Ine ndimalimbikitsa magawo. Lipirani kaye pang'ono kuti mukhale pansi limodzi n'kulemba zonse zimene pulogalamuyo izichita. Kenako gawo lililonse likhale ndi mtengo wake, lithe m'masabata awiri kapena atatu, ndipo pakutha pake pakhale chinthu choti wantchito wanu achigwiritse ntchito mawa lake. Kuipa kwake nako: mtengo wonse simuudziwa msanga, ndipo nthawi yanu imadyeka, chifukwa mukachedwa kuyankha mafunso ntchito imaima. Komabe zikavuta mumataya gawo limodzi lokha.

Ntchito ikachedwa, musakakamize kuti awonjezere anthu. Fred Brooks, katswiri winanso wa mapulogalamu, anachenjeza mu 1975 kuti zimenezi zimaichedwetsa kwambiri, popeza akale amasiya ntchito n'kumaphunzitsa atsopano. Chotsani zina zosafunika msanga. Ndipo mulembe m'pangano kuti source code (malemba enieni amene amapanga pulogalamuyo) ndi mapasiwedi a seva azikupatsani gawo lililonse likatha, musanalipire lotsatira.