Sukulu yoyendetsedwa ndi makolo ku Amereka: musasirire musanaone bilu yake

Chiikireni pa Facebook chithunzi cha mwana wanga akudzala nyemba m'munda wa pasukulu pawo, foni yanga sikupuma. A ku Kapata, a ku Mchini, achibale a ku Katete, funso ndi limodzi: mwachita bwanji kuti mwana alowe sukulu ya anthu olemera, nanga wanga angabwere bwanji? Ndiyankha pano kamodzi kwa nonse, ndipo ena simukondwa nazo.

Kuno ndimagwira ntchito yosamalira nkhalamba, nthawi zambiri usiku. Kwathu ndinali mphunzitsi wa ku pulayimale, choncho za m'kalasi sindine mlendo nazo. Sukulu mukuionayo si ya boma. Ndi yoima payokha, yoyambira kindergarten mpaka Grade 8, ndipo eni ake ndi makolo amene. Makolo amasankha komiti, komiti imalemba ntchito mkulu wa sukulu, ndipo banja lililonse liyenera kugwirako ntchito ndi manja ake. Kaphunzitsidwe kake n'kotsatira maganizo a John Dewey, uja anatsegula sukulu yoyeserapo njira zatsopano ku Chicago mu 1896, akuti mwana aziphunzira pochita zinthu osati poloweza. Yunifolomu kulibe. Zolengeza kuti wakutiwakuti wakhala nambala wani kulibe. Ana osiyana chaka chimodzi kapena ziwiri amakhala kalasi imodzi, ndipo pa lipoti palibe malikisi, pamakhala masamba awiri atatu ofotokoza mmene mwana akuganizira ndi pamene akuvutika. Aphunzitsi amawaitana ndi dzina loyamba, kamwana ka zaka 9 kutchula dzina munthu wa imvi, ndipo mpaka lero makutu anga sanazolowere.

Zabwino zilipo, sindinganame. M'kalasi muli ana 16 ndi aphunzitsi awiri, pamene ine ndinkalimbana ndi ana opitirira 70 ndekha, choko kumanja, rejisita kumanzere. Mwana wanga anamvetsa masamu a magawo poyeza mabedi a ndiwo ndi tepi, ndipo mwana amene ankabisala kumbuyo kwanga akaona mlendo lero amaimirira pamsonkhano wa kalasi n'kutsutsa mfundo mwaulemu. Zimenezo n'zoona. Tsopano tikambe za ndalama.

Amene ananditengera kumeneko ndi bambo wina wa kwathu ku Africa wokhala konkuno, wa kutchalitchi, amene amadzitcha mlangizi wa zamaphunziro. Anati iye ndi wodziwika pasukulupo, ndipo akandilembera mafomu mwana apeza thandizo lonse, sindidzalipira ngakhale ngwee. Anatenga $600. Mafomu ake ndi aja kholo lililonse limalemba lokha pa intaneti, ndipo a sukulu amakuthandiza ulere ukapempha. Kalata itabwera, fizi ya pachaka inali $24,000, thandizo $19,500, ine ndilipire $4,500. Nditamuimbira anati ndikhale woyamikira, anzanga sapeza mwayi wotere. Kenako anasiya kuyankha foni, ndipo kutchalitchi amatulukira khomo lina.

$4,500 ija, pogawa miyezi 10, ndi $450 pamwezi. Ndinati ndipirira. Koma thandizo limaphimba fizi yokha basi, ndipo zinazo zimatuluka chimodzichimodzi utasaina kale.

Choyamba ndi maola. Banja lililonse liyenera kupereka maola atatu pamlungu pasukulu, kukhala m'komiti imodzi, ndi kubwera Loweruka lina kudzakolopa, kupenta ndi kukonza bwalo. Zimenezi mwa izo zokha si zachilendo kwa ife. Kumidzi ya ku Chadiza kapena ku Vubwi makolo amaumba njerwa, kututa mchenga ndi kutunga madzi omangira kalasi, ndipo wojomba anyakwawa angamulipitse nkhuku, nkhani n'kutha. Kuno ola limene wajomba amalilemba pa bilu, $30. Ine pa ola ndimalandira $18. Werengani nokha: ndikasiya ntchito n'kupita kusukulu ndataya $18, ndikapita kuntchito ndataya $30. Ndipo maola a m'kalasi ndi a m'mawa, nthawi imene munthu wochokera ku shifiti ya usiku maso ali gwaa ndi tulo. Usanaloledwe n'komwe kuyandikira ana uyenera kudindidwa zala kuti aone mbiri yako, $60 ya m'thumba mwako.

Sukulu imaweruka 3 koloko. Kuti mwana akhalebe mpaka madzulo ndi $12 pa ola, ndipo ukachedwa kumutenga nthawi yotsekera itakwana ndi $1 pa mphindi iliyonse. Mphindi, abale, osati ola. Basi ya sukulu kulibe, chakudya cha masana kulibe, zonse ndi iwe ndi galimoto yako. Ulendo wokagona kutchire m'matenti, umene amati ndi mbali ya maphunziro ndipo mwana sangasiyidwe, $380. Kenako pamabwera chopereka chimene amati n'chakufuna kwako, koma kholo lina limakuimbira mwaulemu wopweteka kuti kalasi yathu yatsala mabanja awiri okha kuti tonse tikhale tapereka. Ungakane bwanji? Ndinapereka $250 mtima ukuwawa. Pakutha pa chaka choyamba, kuphatikiza ndi za mlangizi uja, ndalama imene inatuluka inapitirira $9,000, osawerengera mafuta a galimoto ndi chakudya. Muisinthe nokha m'makwacha pa mtengo wa lero, kenako mukumbukire kuti ndi ndalama yomweyi imene mumandifunsa ya feteleza mu Okutobala.

Chinandipweteka koposa n'chakuti ndinawonjezera maola a ntchito kuti ndikwanitse zonsezi. Chaka chotsatira anaona mapepala anga a msonkho, n'kupeza kuti ndapeza zambiri kuposa kale, ndipo thandizo analidula ndi $2,000. Thandizo lotere amaliunikanso chaka chilichonse, si lonjezo la mpaka Grade 8.

Palinso china chimene samalemba m'timabuku tawo tokongola. Amati kholo lililonse lili ndi voti imodzi, tonse ndife ofanana. Pa pepala n'zoona. Koma misonkhano imakhala 7 koloko madzulo pakati pa mlungu, pamene ine ndikuvala yunifolomu ya kuntchito. Amene amapanga ziganizo ndi aja amagwira ntchito pa kompyuta ali kunyumba, kapena mmodzi m'banja sagwira ntchito n'komwe. Si anthu oipa, ena amandipatsira mwana lifiti. Kungoti pokweza chindapusa cha maola ojomba, m'chipindamo munalibe aliyense amene chindapusacho chimamuluma.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandiuza zoona zonse, mayi wachikulire wa ku ofesi ya ndalama. Ataona bilu yanga ikungokula, anandiitana, n'kutseka chitseko, n'kutenga pepala ndi pensulo. Anandiuza kuti bambo uja a sukulu samudziwa, ndipo palibe amene amamutuma. Anandisonyeza ndime ya m'pangano imene imati tsiku lina lake la mu Juni likadutsa, fizi ya chaka chonse uyenera kuilipira ngakhale utamuchotsa mwana, ngakhale ntchito itatha, ngakhale utasamukira boma lina. Anandiuza kuti ndalama ya ulendo wa kutchire amaichepetsa mofanana ndi fizi kwa amene ali pa thandizo, koma pokhapokha wapempha, chifukwa sizinalembedwe pena paliponse. Anakambirana ndi komiti kuti maola anga ndizibweza ndi ntchito ya Loweruka ndi Lamlungu: kuchapa matawulo a kukhitchini, kusoka zovala za sewero, kupalira m'munda muja. Khasu sanafunike kundiphunzitsa. Pomaliza anati, mayi, sukulu ya boma ya m'dera lanu ndi yabwino ndipo ndi yaulere, mukadzatopa musadzachite manyazi. Munthu wolandira malipiro pasukulu yomweyo kunena mawu amenewo, ndinamulemekeza.

Tsopano kwa inu amene mukufuna kutumiza ana. Lekani kulota masana. Malamulo a Amereka salola visa ya mwana wasukulu kuti akaphunzire pulayimale ya boma. Ku sekondale ya boma amalola miyezi 12 yokha, ndipo kholo limalipira mtengo wonse wa maphunzirowo. Sukulu yoima payokha iyenera kukhala ndi chilolezo cha boma chopereka fomu ya I-20, pepala lofunsira visa ya mwana wasukulu, ndipo yathuyi ilibe, ilibenso malo ogona ana. Thandizo lake limapita kwa mabanja okhala konkuno amene ali ndi mapepala a msonkho. Kumene I-20 ikupezeka, mulipira $350 ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja, ndi $185 ya visa, ndipo akakukanani ndalamazo sizibwerera. Kuyambira mu Ogasiti 2025 a ku Zambia ndi a ku Malawi ofuna visa ya ulendo anayamba kufunsidwa chikole cha pakati pa $5,000 ndi $15,000, ndiye musaganize kuti mungoperekeza mwana n'kubwerako. Ndipo tinene kuti zonse zatheka: mwana wa zaka 10 mukufuna akhale ndi yani? Ndi ine, amene usiku ndili kuntchito, masana ndili mtulo?

Choncho wina akakupezani mu Chipata kapena ku Lusaka n'kunena kuti ali ndi malo a ana m'sukulu za ku Amereka, mungoyamba mwapereka kangachepe ka mafomu, musagulitse ng'ombe, musadye ndalama ya chilimba. Mufunseni dzina la sukulu, mulembere sukuluyo nokha pa imelo, muone ngati akumudziwa. Kwathu kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Grade 12. Ndikudziwa kuti makalasi adzaza mpaka ana kusowa pokhala, aphunzitsi anzanga amandiuza. Komabe $600 imene ine ndinaponya m'madzi ingagule mabuku, nyali ya sola ndi maphunziro owonjezera a mwana kwa nthawi yaitali ndithu.

Amene muli ndi mapepala kale ndipo mukubwera ndi banja, yambirani ku sukulu ya boma. Imatengera adiresi imene mukukhala, silipiritsa, ndipo kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu la dzikoli cha mu 1982 singakane mwana chifukwa cha mapepala a makolo ake. Mukafuna ya makoloyi, funsani zinthu izi musanasaine, ndipo akuyankheni polemba: maola angati, ola lojomba ndi ndalama zingati, pangano limamanga tsiku liti, thandizo limafika pa maulendo ndi pa kusunga mwana madzulo kapena ayi. Mufunsenso za tchuthi chachitali cha Juni mpaka Ogasiti, chifukwa malo osungirako ana nthawi imeneyo kuno kumene ndimakhala ndi $400 pamlungu.

Mwana wanga wina, wamng'ono, ndamulembetsa ku sukulu ya boma, basi yachikasu imamutenga pakona pa nyumba. Wamkuluyu, amene ali ku sukulu ya makolo ija, pangano la chaka chamawa lidzabwera mu Febuluwale, ndipo ndawauza kale a ku ofesi kuti sindisaina ndisanaone kalata ya thandizo yokhala ndi nambala yake.