Sienta kapena Freed: pa ndalama ya galimoto imodzi, mugule iti?

Munthu akafuna galimoto ya mipando isanu ndi iwiri koma thumba silikufika pa Noah kapena Voxy, amathera pa mayina awiri omwewa, Toyota Sienta ndi Honda Freed. Zonse ndi za injini ya 1.5, zonse zitseko zakumbuyo n'zochita kukoka, zonse zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Ndikukamba makamaka za Sienta yoyamba, ya nyali zozungulira ija, yomwe inatuluka mu 2003 n'kupangidwa mpaka 2015, ndi Freed yoyamba yomwe inatuluka mu 2008 n'kulekezera mu 2016, chifukwa ndi zimene zadzaza m'misewu yathu.

Maganizo anga ndinene msanga kuti amene ali pachangu asavutike. Freed ndi yabwino kukweramo, Sienta ndi yabwino kukhala nayo. Kusiyana kumeneku sikunayambe ndi magalimoto awiriwa ayi, kunayamba ndi momwe makampani awo anabadwira.

Toyota sinayambe ndi magalimoto. Sakichi Toyoda ankapanga makina owombera nsalu, ndipo luso lake lalikulu linali makina amene ankaima okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kuwomba nsalu yolakwika. Mu 1929 banjali linagulitsa chilolezo cha makinawa ku kampani ya ku England ya Platt Brothers pa mapaundi 100,000, ndipo mwana wake, Kiichiro, anayamba kuyesa zamagalimoto. Galimoto yawo yoyamba yonyamula anthu, Model AA, inatuluka mu 1936, kampani n'kuima payokha mu 1937. Mu 1950 inatsala pang'ono kugwa. Ndalama zinatha, antchito ananyanyala, Kiichiro anatula pansi udindo, ndipo chimene chinawapulumutsa ndi malole amene asilikali a America anaitanitsa nkhondo ya ku Korea itayamba. Kampani imene yaonapo manda chonchi simasewera ndi ndalama. A Toyota akapanga injini n'kuona kuti yagwira, amaiika m'magalimoto ambirimbiri kwa zaka zambiri osaisintha kwenikweni.

Soichiro Honda anali munthu wina. Anakulira m'galaja, ankakonda mipikisano, ndipo asanakhale ndi kampani yodziwika ndi dzina lake ankapanga maring'i a mapistoni n'kumagulitsa kwa a Toyota omwewo. Nkhondo itatha anayamba kumangirira tiinjini totsala kwa asilikali pa njinga zakapalasa ku Hamamatsu, mu 1948 n'kukhazikitsa Honda Motor. Njinga yamoto ya Super Cub inabwera mu 1958, galimoto yoyamba mu 1963, ndipo chaka chotsatira anali atalowa kale mu mpikisano wa Formula One. Mpaka lero a Honda amaganiza ngati opanga injini amene akufuna kukuonetsani kuti ndi ochenjera. Nthawi zambiri amakhaladi ochenjera. Funso ndi lakuti kuchenjerako kumakuthandizani bwanji galimoto ikakufowokerani pa Chatoloma dzuwa likulowa.

Tiyambe ndi injini, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sienta ili ndi 1NZ-FE. Injini imeneyi ndi yomweyo imene ili mu Probox, ist, Ractis, Raum, Funcargo, Corolla Axio ndi Fielder, komanso Allion ndi Premio za 1.5. Tizinthu tina timasiyana malinga ndi chaka, choncho musagule sipeya mosatenga yakale kukafananiza, koma mtundu wake ndi umodzi. Zotsatira zake n'zakuti makaniko aliyense, wa ku Ndirande, wa kwa Biwi kapena wa pansi pa mtengo ku Jenda, anaitsegulapo. Koyilo ikafa, pampu yamadzi ikayamba kudontha, mumaipeza tsiku lomwelo, yatsopano kapena yochotsa m'galimoto ina. Injini yathunthu yakaunjika imapezekanso osachita kuitanitsa kunja.

Freed ili ndi L15A, ya m'banja limodzi ndi injini za Honda Fit. Ndi injini yabwino kwambiri, ndipo pa mphamvu imaposa ya Sienta pang'ono, mahosipawa 118 pomwe inayo ndi 110 pa muyeso wa ku Japan. Mukaiponda pokwera chitunda imayankha mosanyinyirika. Siwonongeka chisawawa, ndipo eni ake ambiri amayenda nayo zaka osaitsegula. Vuto limabwera tsiku limene kanthu kafa. Ma Fit alipo ndithu m'dziko muno, ndiye mapulagi, sefa ndi mabuleki sizisowa mu Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Koma nyali yakutsogolo, galasi la chitseko chokoka, mota yotsegulira chitsekocho, zimenezo ndi za Freed yokha, ndipo mungathe sabata mukuzungulira mashopu. Mukaipeza, wogulitsa amadziwa kuti mulibe kolowera. Chinanso, mavavu a injini imeneyi amafuna kuwakhazika bwino ndi manja pakapita mtunda wautali, ntchito yosavuta koma yomwe amakaniko ozolowera Toyota saikumbukira. Mumangomva injini ikulira mwachilendo, iwo n'kumakusinthitsani mapulagi.

Injini zonse ziwiri zimayendera tcheni osati lamba, choncho palibe lamba wa mkati woti musinthe pa makilomita akutiakuti. Chimene tcheni chimafuna ndi oyilo woyera basi.

Pa giyabokosi ndi pomwe anthu ambiri alirira, ndipo apa palibe yoposa inzake. Sienta ndi Freed zokoka ndi mateyala akutsogolo okha zili ndi CVT, giyabokosi yopanda magiya enieni, yoyendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Imapulumutsa mafuta, koma imadana ndi zinthu ziwiri zimene ife timachita kwambiri, kulemetsa galimoto ndi kuthira oyilo wina aliyense. Ya Sienta imafuna oyilo wa CVT wa Toyota wolembedwa TC, ya Freed yoyamba imafuna wa Honda wolembedwa HMMF. Wina akakuuzani kuti oyilo wofiira wa otomatiki ndi chimodzimodzi, tengani makiyi muchokepo. Oyilo wa Toyota amapezeka mosavuta kuposa wa Honda, ndipo giyabokosi ikafa, ya Sienta mumaipeza msanga. Pali chinthu chimene ogula ambiri sadziwa. Zokoka ndi mateyala onse anayi zilibe CVT. Sienta yotere ili ndi otomatiki wamba ya magiya 4, Freed ili ndi ya magiya 5. Zimamwa mafuta ochulukirapo, koma kwa munthu wa kumapiri ngati ku Neno, ku Ntchisi kapena amene amakwera Chiweta kawirikawiri atanyamula, ine ndingasankhe zimenezi.

Tsopano tilowe mkati, komwe Freed imabweza ngongole yonse. Ndi yotalikirapo, mamilimita 4,215 pomwe Sienta ndi 4,100, ndipo denga lake ndi lalitali. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma khalani kumzere wachitatu kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Salima mudzamve. Mu Freed munthu wamkulu amakhalako ndithu. Mu Sienta mipando iwiri yakumbuyo ndi yopyapyala, yoyenera ana, ndipo wamkulu amafika mawondo ali m'khosi. Freed zina zili ndi mipando iwiri yoima payokha pamzere wapakati, yokhala ndi potsamiritsa mkono, pakati pali kanjira kopitira kumbuyo. Agogo akakwera imeneyo safunanso kumva za galimoto ina. Koma werengani mipando musanalipire. Zoyambirira zinali za anthu 7 kapena 8, ndipo kuyambira chakumapeto kwa 2011 zinakhala za 6 kapena 7. Palinso Freed Spike ya anthu 5 okha, yomwe ena amaitanitsa poona mtengo wotsika n'kudzadabwa ikafika.

Pa katundu zinthu zimatembenuka. Mipando yakumbuyo ya Sienta imapindika n'kulowa pansi pa mzere wapakati, kusiya buti yosalala, yopanda chotchinga m'mbali. Ya Freed imapindikira m'mwamba n'kukoleka m'mbali mwa mawindo, ndiye imadya malo ndipo imatseka poonera. Wonyamula matumba a chimanga kapena mabelo a kaunjika amakondwa ndi Sienta. Pa chiwongolero, Freed ndi yokhazikika mumsewu waukulu ndipo phokoso ndi lochepa. Sienta imamveka kupepuka mphepo ikawomba chammbali, ndipo mita yake ili pakati pa dashibodi, chinthu chomwe ena sachizolowera mpaka kalekale.

Mafuta, Sienta imamwa pang'ono chifukwa ndi yopepukirapo. Mabuku a ku Japan ankaipatsa makilomita pafupifupi 19 pa lita, Freed 16 ndi kenakake. Manambala amenewo anayezedwa galimoto ili yatsopano, yopanda katundu, pamalo osalala. Pa mzere wa m'mawa wa ku Area 18 kapena Chipembere Highway musawayembekezere, koma kusiyana kwa awiriwa kumakhalapobe.

Pansi, zonse ndi zotsika, zinapangidwira misewu ya ku Nagoya ndi Osaka. Mabampu athu amazikwapula, ndipo mashoko ndi mabushi ndi zimene muzisintha kawirikawiri pa iliyonse. Ambiri amazikweza pang'ono. Zimathandiza, koma mukapyoza muyeso mumayamba kudya masivijointi.

Pali nkhani imene otsatsa Sienta sakamba. Kutchuka kwake kwaipweteka. Pamene inasanduka galimoto yonyamula anthu pakati pa matauni ndi m'maboma, ambiri anaigwiritsa ntchito yomwe a Toyota sanaiganizire. Galimoto ya anthu 7 imanyamula oposa pamenepo, katundu pamwamba, ulendo wobwerezabwereza kuyambira mbandakucha. Kuti imapirira zimenezi ndi umboni wa kulimba kwake, koma zikutanthauzanso kuti Sienta yogula kwa munthu kuno ingakhale itatha kale mkati ngakhale penti ikuwala. Freed zambiri zimene zikugulitsidwa kuno zinali za mabanja, zoyenda kuntchito, kutchalitchi ndi kumudzi pa Khirisimasi. Ndiye mukandiikira patsogolo Sienta yomwe inakhalapo ndi nambala yofiira ndi Freed ya bambo wina wa muofesi pa mtengo wofanana, nditenga Freed osaganiza kawiri. Sienta imene ndikuiyamikira ndi yongotsika kumene pa sitima, kapena imene mbiri yake mukuidziwa.

Kutchuka komweko kumathandiza pogulitsa. Sienta mukaitsatsa lero, mawa foni yayamba kulira, chifukwa wogula akuona bizinesi. Freed imafuna kudikira munthu amene akuifunadi. Masiku ano zimenezi si zazing'ono. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuyambira pamenepo galimoto yasanduka posungira ndalama. Imene imagulitsika msanga ndiyo imakuombolani pa fizi kapena pa matenda.

Kwa amene akuitanitsa okha, njira ndi imodzi pa zonse ziwiri. Galimoto imakwera sitima ku Japan, imatsikira ku Dar es Salaam, n'kuyenda pamsewu kudzera ku Mbeya mpaka pachipata cha Songwe, ndipo a MRA amawerengera msonkho poona, mwa zina, kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Popeza injini ndi zofanana kukula, chimodzi chimene chingasiyanitse msonkho ndi chaka. Apa Freed ili ndi mwayi wobisika, chifukwa palibe Freed yakale kuposa 2008, pomwe Sienta yotchipa imene mukuiona pa intaneti ingakhale ya 2004, galimoto ya zaka zoposa 20. Chifukwa chimene a ku Japan amatayira magalimoto akadali abwino ndi kuyeza kwa boma kokwera mtengo, komwe kumachitika galimoto ikakwana zaka 3 kenako zaka 2 zilizonse. Koma si onse abwino. Ochokera kumpoto kwa dzikolo, komwe amathira mchere mumsewu nthawi ya chisanu, amabwera ndi dzimbiri pansi, makamaka okoka ndi mateyala anayi aja. Pemphani zithunzi zapansi musanatumize ndalama. Funsaninso ngati thumba la mpweya la pachiwongolero ndi la padashibodi linasinthidwa, chifukwa magalimoto ambiri a Honda ndi Toyota a zaka zimenezo anali ndi matumba a kampani ya Takata amene anaitanidwa kuti akasinthidwe ataphulika ndi tizitsulo n'kupha anthu.

Mwachidule pa zatsopanoko, kwa amene thumba likulola. Sienta yachiwiri inatuluka mu 2015, Freed yachiwiri mu 2016, ndipo zonse zili ndi mtundu wa haibulidi, woyendera petulo ndi magetsi. Apa sindizengereza. Haibulidi ya Sienta ndi ya mtundu umodzi ndi ya Aqua, luso lomwe a Toyota akhala akulikonza kuyambira pa Prius ya 1997, ndipo ilibe kilachi kapena lamba woti athe. Ya Freed yachiwiri ili ndi giyabokosi ya makilachi awiri ndi magiya 7, yomwe mu Fit ya 2013 inachititsa a Honda kuitana magalimoto kangapo kuti akakonzedwe. Pofika pa Freed anali ataiwongolera, komabe imatentha mukamakwawa pamzere wokwera chitunda, ndipo oidziwa kukonza kuno ndi owerengeka. Ngati mtima uli pa Freed yachiwiri, tengani ya petulo wamba.

Tsiku lokaona galimoto kwa munthu, pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imabisa zambiri. Ikalira, mverani ngati tcheni chikuchita phokoso m'masekondi oyamba. Kwezani anthu anayi kapena asanu, pezani chitunda, imani pakati pake, kenako nyamukani pang'onopang'ono. CVT yotopa imanjenjemera kapena injini imakuwa galimoto isakupita. Tsegulani ndi kutseka zitseko zokoka kangapo, makamaka chamagetsi ngati chilipo. Pa Sienta, vundukulani kapeti wa mubuti ndi kuona njanji za mipando yapakati ngati zinawotchereredwapo, ndipo yang'anani padenga ngati pali zipsera za keriyala.