Mahedifoni a waya ndi a Bluetooth: oyenera kugula kuti muzimvera tsiku ndi tsiku ndi ati?

Musanapite kushopu, tembenuzani foni yanu muone ngati ili ndi kabowo kozungulira ka 3.5 mm kolowetsapo mahedifoni. Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix akadali nako. Apple inakachotsa mu 2016 pa iPhone 7, Samsung nayo inayamba kukachotsa pa mafoni ake odula ngati Note 10 ya 2019. Ngati kabowoko kalipo, ife tikuti mahedifoni a waya ndiwo akhale anu a masiku onse, a Bluetooth akhale othandizira pa ntchito zina.

Chachikulu chimene tikunenera choncho ndi batire. Kalikonse mwa timahedifoni tolowa m'khutu ta Bluetooth kali ndi batire yaing'ono ngati nyemba, ya pakati pa 30 ndi 60 mAh (muyeso wa moto umene batire imasunga), ndipo kabokosi kotchajira kamakhala ndi ya 300 mpaka 500 mAh. Tikakhala tatsopano timaimba maola anayi kapena asanu ndi limodzi tisanafune moto. Koma batire ya lithium imafooka nthawi iliyonse ikatha n'kudzazidwanso, ndipo ikazungulira chonchi maulendo 300 mpaka 500 mphamvu yake imakhala itatsika moonekeratu. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mupeza kakumanja kakuzima patangotha mphindi 40 pamene kakumanzere kakuimbabe. Batireyo inamatidwira mkati ndi guluu, moti okonza mafoni ambiri sayesa n'komwe kutsegula. Kutentha kumafulumizitsa imfayi: kabokosi kosiyidwa m'galimoto yotseka mawindo mwezi wa Okutobala kamakalamba msanga. Onjezani za magetsi othimathima, ndiye kuti chinthu china chalowa pamzere wa zotchaja, kulimbirana soketi ndi foni ndi tochi. A waya safuna chilichonse mwa izi.

Palinso nkhani ya wailesi, imene ogulitsa satchula. Mafoni ambiri okhala ndi FM amagwiritsa ntchito waya wa mahedifoni ngati eriyo. Popanda wayayo, foni imakana kutsegula wailesi. Wofuna kumvera mpira wa Bullets ndi Wanderers pa Zodiak kapena MBC ndi timahedifoni ta Bluetooth ayenera kudzera pa intaneti, ndipo wailesi yotumiza mawu pa 64 kbps (muyeso wa data yodutsa pa sekondi) imadya pafupifupi 29 MB pa ola. Ndi waya simulipira kanthu.

Za kukoma kwa mawu anthu amakokomeza mbali zonse ziwiri. Bluetooth imafinya nyimbo isanaitumize. Njira imene chipangizo chilichonse chili nayo ndi SBC. Zabwinoko ndi AAC, aptX ya Qualcomm ndi LDAC ya Sony, koma zimagwira pokhapokha foni ndi mahedifoni zonse zili nayo njira imodzimodziyo. Ngati nyimbo zanu ndi za MP3 za 128 kbps zogawana pa WhatsApp kapena pa memori khadi, kusiyanako simudzakumva. Chimene chimamveka n'chakuti pa ndalama zofanana, a waya amakhala ndi timasipika tabwinoko, chifukwa ndalamayo sinapite ku mabatire atatu, kabokosi ndi tizipangizo ta Bluetooth.

Kuchedwa kwa mawu ndiye kulipodi. Pa Bluetooth mawu amafika mochedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 150 mpaka 250 (250 ndi kota ya sekondi imodzi). YouTube ndi Netflix zimachedwetsa chithunzi dala kuti milomo igwirizane ndi mawu, choncho poonera filimu simuzindikira. Koma posewera magemu, podula vidiyo kapena poyeseza kiyibodi ya kutchalitchi, mumadina kiyi mawu n'kubwera pambuyo. Pa ntchito zoterezi musavutike ndi Bluetooth. Poimba foninso, maikolofoni ya pawaya imalendewera pafupi ndi pakamwa, pamene ya Bluetooth ili kukhutu ndipo imatola mphepo yonse mukakhala pa kabaza.

Kumene a Bluetooth amapambana n'komwe manja ali pantchito: pochapa, pothamanga, pa makina osokera kapena mu galaja, malo amene waya angakodwe n'kugwetsa foni. Foni imakhala m'chikwama, zomwe zimathandizanso m'depoti modzaza anthu. Odulirapo ali ndi ANC, njira yophera phokoso lakunja pogwiritsa ntchito timaikolofoni. Imagwira bwino pa mkokomo wa injini, monga m'basi yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kapena pafupi ndi jenereta, koma mawu a anthu ndi kulira kwa mwana zimadutsabe, ndipo imadya batire.

Mukasankha a Bluetooth, ayeseni m'shopu momwemo. Alumikizeni ku foni yanu, mumvere mbali zonse ziwiri, muimbire mnzanu akuuzeni mmene mukumvekera, kenako musiye foni pakauntala n'kuyenda kutali. Mpaka mamita 10 pamalo opanda khoma mawu sayenera kudukaduka. Sankhani a Bluetooth 5.0 kupita m'mwamba, otchajira pa USB-C kuti tchaja ya foni izikwanira, ndi olembedwa IPX4 (chizindikiro choti saonongeka akadontheredwa madzi) ngati mumatuluka thukuta. Oraimo, ya kampani ya Transsion yomwe imapanganso Tecno ndi itel, ndiyo imapezeka mosavuta kuno. AirPods (timahedifoni ta Apple) zogulitsidwa pamtengo wa tchaja ndi zachinyengo, ngakhale bokosi likhale lokongola bwanji ndiponso foni izizindikire ngati zenizeni.

Vuto lofala kwambiri ndi lakuti kamodzi kamasiya kutchaja. Kawirikawiri si batire: thukuta ndi fumbi zimakuta timadontho tachitsulo timene timakhudzana ndi kabokosi. Pukutani ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi spiriti, mudikire ziume. Kamodzi kakamamveka motsika, yang'anani kasefa ka kutsogolo, mudzapeza phula la m'khutu. Lichotseni ndi mswachi wouma, kasefako katayang'ana pansi kuti zinyalala zisalowe mkati.

A waya nawo ali ndi matenda awo, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi amodzi: waya amaduka mkati pamene walowa mu pulagi. Khutu limodzi likazima, imbani nyimbo n'kumapinda waya pang'onopang'ono pafupi ndi pulagiyo. Mawu akabwerera, mwapeza pamene paduka. Chimayambitsa ndi kukulunga waya pafoni ali cholumikiza, ndi kuzula pokoka waya m'malo mogwira pulagi. Pulagi yopindika ngati L imapirira m'thumba kuposa yowongoka. Wokonza mafoni angathe kuwotcherera ina, bola akumbukire kuti timawaya ta mkati tinapakidwa utoto wosalola magetsi, umene uyenera kupsa kaye. Njira yabwino koposa ndi kugula mahedifoni a waya wochotseka, wa timapini tiwiri kapena wa kapulagi kozungulira kotchedwa MMCX, monga ambiri a kampani ya KZ. Waya akatha mumangogula wina. Pulagi ikamakana kulowa yonse, m'kabowo ka foni mwadzaza tiulusi ta m'thumba. Zimitsani foni, mutokose ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Werenganinso mizere yapapulagi: iwiri ndiye kuti palibe maikolofoni, itatu ilipo.

Foni yopanda kabowo imafuna adaputa ya USB-C kapena Lightning (potchajira pa ma iPhone ena). Apa ambiri amataya ndalama. Mafoni a Samsung, Pixel ndi iPhone amafuna adaputa yokhala ndi DAC mkati, kachipangizo kosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu. Zotchipa zina ndi waya chabe, ndipo foni imangolemba kuti chipangizochi sichikugwirizana nayo. Mahedifoni a 16 mpaka 32 ohm (muyeso wa mmene amalimbanira ndi magetsi) ndiwo oyenera foni. A situdiyo a 250 ohm adzamveka chapansipansi popanda ampulifaya.

Mtundu uliwonse umene mwagula, yesani timalabala tonse titatu tolowa m'khutu, tosiyana kukula, tobwera m'bokosi. Kalabala kochepa kamalowetsa mpweya, besi imathawa, phokoso la minibasi limalowa, inu n'kumakweza voliyumu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa 80 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likakwera ndi 3 dB yokha nthawiyo imadulidwa pakati. Kalabala kotseka bwino kamakulolani kumvera voliyumu ili pansi pa 60 peresenti. Poyenda m'mbali mwa msewu chotsani ka khutu limodzi, kuti njinga yamoto yobwera kumbuyo muimve.